Khonde Lopanda Pulani

Che Ismaili anali telala wa pakhonde. Kwawo ku Ntaja mawu amenewa safuna kumasulira. Sitolo iliyonse kumeneko ili ndi khonde, ndipo khonde lililonse lili ndi munthu wake wopalasa makina, tepi ili m'khosi, nsalu za eni zili lende pachingwe, akuyankha moni wa odutsa osadzutsa mutu. Bambo awo anasokera pakhonde mpaka kukalamba. Iwonso anasokera pomwepo zaka makumi awiri, kufikira pamene kaunjika anadzaza misika, anthu n'kuleka kusoketsa. Mu 1997, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, anamasula mutu wa makina, naukulunga m'bulangete, nakwera basi ya ku Joni. Mutuwo anaufungata pamiyendo ulendo wonse, ku Tete, ku Harare, mpaka ku Pretoria. Miyendo ya makina anachita kugula konko, ku Marabastad, yadzimbiri koma yopalasika.

Chipinda anachipeza ku Pretoria West, kuseri kwa nyumba yakale ya mzungu wina dzina lake Kriel, amene anali atasamukira kunyanja n'kusiya zonse m'manja mwa ejenti. M'yadimo munali zipinda zisanu ndi zinayi zomatanamatana. Cha Che Ismaili chinali choyamba, chimene kale chinali garaja. Chinali ndi zenera limodzi loyang'ana kum'mawa, ku yadi ya eni ena, ndi chitseko chotulukira mumpata wodzera anthu a zipinda za kumbuyo. Mpatawo unali pakati pa chipinda ndi mpanda, mbali ya kumpoto, kumene dzuwa la ku Joni limakonda kudzera.

Zaka ziwiri zoyamba anasokera m'kati, pansi pa babu. Ntchito inkabwera ndithu. Amalawi a m'mayadi a ku Waterkloof ankabwera ndi masuti amene mabwana awo atopa nawo kuti awachepetsere. Azimayi a ku Sunnyside ankabwera ndi zitenje zochokera kumudzi. Koma maso anayamba kukana. Pansi pa babu ulusi unkaphonya kabowo ka singano kasanu, kakhumi. Nsalu yakuda ndi yabuluu woderako zinkafanana. Akatuluka nayo nsalu yomweyo panja, zonse zinkabwerera m'malo mwake. Kuchipatala anawauza kuti ndi ng'ala, ikadali yaing'ono, adikire ikhwime, dzina lawo lili pamndandanda.

Kusokera panja popanda denga sikukanatheka. Makina achitsulo si mpando woti uzilowetsa ndi kutulutsa, ndipo mvula ya ku Pretoria sigogoda: imagwa masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi zina ndi matalala. Choncho Loweruka lina mu 1999 Che Ismaili anafika ndi malata anayi akale pangolo yobwereka.

Amene anawapeza akukumba dzenje loyamba anali Robert, bambo wa ku Ntcheu wa chipinda chachinayi, wogwira ntchito ya m'maluwa ku Waterkloof, munthu wa m'kamwa mosauma.

"Achimwene, mukutimangira chiyani apa? Mzikiti?"

"Khonde."

"Khonde ku Joni! Eish, Ayao inu. Mawa mudzabzalanso mango n'kumangirira mbuzi pageti."

"Gwirani mtengowo uwongoke," anatero Che Ismaili. "Pakamwa sipakhoma msomali."

Malata anayi, mitengo itatu, njerwa zothyoka zoyala pansi: ndilo linali khonde lonse. Mbali ina malata anatsamira khoma la chipinda, mbali ina anafika pampanda. Odutsa ankapendeka pang'ono polambalala makina, ndipo panalibe wodandaula. Atakhala pampando tsiku loyamba, ulusi unalowa m'singano kamodzi n'kamodzi. Che Ismaili anangovula mzuli, kupukuta thukuta, n'kuyamba kupalasa.

Zaka zisanu zotsatira ndizo zinali zabwino. Akazi awo, Salima, anawatsatira mu 2000, atasiya mwana wawo Rehana kwa agogo ake, ndipo anapeza ganyu yosita zovala m'nyumba za azungu. Pakhondepo ndi pamene wobwera kumene kuchokera kumudzi ankafikira kudzafunsa kumene kuli ntchito. Makalata a kumudzi ankadikira eni ake m'dirowa ya makina. Uthenga wa maliro unkanenedwa pamenepo, anthu atakhala pansi monga kuyenera, osati ataimirira mumsewu ngati ogulitsana fodya. M'chilimwe zipinda zinkatentha ngati uvuni, ndipo m'yadi yonseyo mpweya unali pamenepo pokha. Amayi ankatulutsa makanda kudzawagoneka pamkeka pafupi ndi makina. Lamlungu masana Robert ankabwera ndi bawo, n'kumaluza kwa aliyense akunena kuti nkhomo zake zabedwa.

Kumayambiriro kwa 2004 nyumba ya kum'mawa ija inagulidwa n'kugwetsedwa. Anthu anati pamangidwa garaja yaikulu yowongola ndi kupenta magalimoto. Maziko atakumbidwa, kunabwera insipekitala wa ku ofesi yoona za mamangidwe, mayi wamtali wa Chipedi, Mayi Mashabela, atavala chipewa cholimba ndi nsapato zachimuna. Anayendera mazikowo, analemba zolemba, ndipo potembenuka maso ake anagwera pamalata anayi. Anazungulira, nalowa pageti.

Ankamvana m'Chingerezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chizulu.

"Ndani anamanga ichi?"

"Ndine, Amayi."

"Pulani yake ili kuti?"

Kwa Che Ismaili, monga kwa Mmalawi aliyense, pulani ndi nzeru imene munthu amapeza zinthu zikamuthina. Ufa ukatha umapanga pulani. Basi ikakusiya umapanga pulani. Ndiye anamwetulira, naloza malata ndi lumo limene linali m'manja.

"Pulani yake ndi imeneyi, Amayi. Maso anavuta, ine n'kupanga pulani."

Mayiyo anawayang'ana kwa kanthawi, kufuna kuona ngati akumuchita chipongwe. Ataona kuti nkhope ya munthuyo ilibe mwano, anatulutsa cholembera, nalemba kalata, naiika pamwamba pa nsalu imene ankasoka.

"Masiku makumi atatu, Ntate. Mubweretse pulani, apo ayi ichi chichoke."

Madzulo Robert atabwera kuntchito anawerenga kalatayo kawiri, akugwedeza mutu ngati sing'anga amene matenda awa anawaonapo kale.

"Achimwene, zaka zonsezi ku Joni simunamvebe chinenero? Kuno munthu akakuimitsa n'kunena kuti panga pulani, ndiye kuti dzanja likumuyabwa. Likandeni basi."

"Ine za chiphuphu ayi. Ndi haramu."

"Ndani wanena chiphuphu? Ine ndati kukanda. Kodi kukanda munthu n'kolembedwa kuti ndi tchimo?"

Salima, amene ankapeta mpunga pakhomo, anayankha osayang'ana aliyense.

"Bambo a Rehana, mayi uja sanandionekere ngati wanjala. Musamvere achimwene anuwa. Munthu wocheza ndi maluwa tsiku lonse, nzeru zake n'zamaluwa."

"Alamu, maluwa amenewo ndi amene akundidyetsa!" anatero Robert, onse n'kuseka.

Che Ismaili sanaseke. Anaganiza masiku awiri. Ndalama sakanapereka, zimenezo zinali zodziwika. Koma telala akapatsa mlendo chovala cha manja ake, ndani anganene kuti walakwa? Kumudzi ankatero ndi aphunzitsi, ndi anamwino, ndi aliyense wobwera ndi ulemu wake. Iwo anali atamuyeza kale mayi uja ndi maso pamene ankalemba kalata, poti telala sayang'ana munthu popanda kumuyeza: mapewa mainchesi khumi ndi asanu ndi limodzi, mikono yaitali kuposa ya akazi ambiri. Anasankha nsalu yotuwa yabwino, naika layini m'kati, nasoka jekete masiku asanu. Mabowo a mabatani anawasoka pamanja, pakhonde, dzuwa lili pamutu.

Mayi Mashabela atabweranso kudzaona garaja ija, Che Ismaili anamudikira pampanda, nampatsira jeketeyo ndi manja awiri.

"Pulani ija, Amayi."

Nkhope ya mayiyo inasintha. Sanatambasule dzanja.

"Ntate, mukudziwa kuti pa ichi chokha ndikhoza kukumangitsani?"

Che Ismaili anaima choncho, manja ali m'malere, amisiri a pagarajapo akuonerera. Manyazi anawayamba kumapazi. Mayiyo anayang'ana jekete, nayang'ana mwini wake, ndipo anausa moyo. Anapita kugalimoto, natenga chipepala chokulunga, nadzachitambasula pamwamba pa makina. Panali mizere yowongoka, manambala, ndi zidindo zitatu pakona.

"Pulani ndi iyi. Chojambula. Nyumba isanamangidwe imayamba yakhala papepala, ife n'kuvomereza. Mwamva tsopano?"

"Ndamva, Amayi. Koma langali si nyumba. Lilibe khoma, lilibe chitseko. Ndi khonde chabe."

"Lili ndi denga, ndipo lili panjira." Anatsitsa mawu. "Chaka chatha ndinaima m'yadi ngati ino. Sitovu ya palafini inagwa m'chipinda cha kumbuyo. Mumpata munali ngati muno, denga ndi katundu. Anatuluka okha asanu. Anayi tinachita kuwanyamula, awiri anali ana. Malamulo awa sanalembedwe kuti azunze inu."

Che Ismaili anadziwa kuti zinali zoona. Masitovu a m'zipinda zisanu ndi zinayi ankawadziwa onse, ndi makanda a pamkeka ankawadziwa mayina. Koma maso awo anabwerera pachipepala chija, ndipo monga munthu wozolowera mizere anaona pamene khoma la garaja lidzaime.

"Nanga khoma ili, Amayi? Likufika pampanda penipeni."

"Iwo ali ndi pulani. Khoma losagwira moto, lopanda zenera. Lamulo limalola."

"Koma zenera lili kwa ine."

"Zenera lanulo silili papepala lililonse, Ntate." Anakulunga chipepala chake. "Ndipo musandifunse zambiri za yadi ino. Ndikayamba kuona, sindingathe kuleka."

Ngati pulani ndi chojambula, anaganiza Che Ismaili, ndiye kuti nkhani yatha, pakuti kujambula papepala chinthu chisanakhalepo ndiyo ntchito imene anaigwira moyo wawo wonse. Anatenga pepala lakhaki lodulira masitayilo, lalikulu ngati mkeka, nayeza khonde ndi tepi, nalemba zonse m'mainchesi. Anajambula mitengo itatu, malata anayi, ndi pamene pali makina. Makinawo anawasuntha kuti atsamire khoma, n'kusiya njira ya mainchesi makumi atatu, chifukwa munthu wotakata koposa amene anamuyezapo chibadwire, mlonda wina wa ku Balaka, sanapitirire makumi awiri ndi anayi m'mapewa. M'mbali monse anasiya theka la inchi, monga asiyira msoko. Dzanja linachita lokha zimenezo.

Anavala mkanjo woyera wa Lachisanu, nakwera tekisi ya kutauni. Ku ofesi anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, pepala lili pamiyendo. Kalaliki wa pawindo analitambasula, naliyang'ana, naitana anzake awiri.

"Madala, iyi ndi nyumba kapena diresi?"

"Ndi khonde. Onani apa, njira ilipo. Munthu aliyense akhoza kudutsa, ndinayeza."

Kalalikiyo sanali woipa mtima. Atatha kuseka anawafotokozera pang'onopang'ono, akuwerenga pazala. Pulani amajambula ndi munthu wa mapepala ake, m'mamita. Amasaina ndi mwini yadi, osati wa lendi. Ndipo ngakhale zonsezo zitatheka, denga silingaloledwe kufika pampanda wa mbali imeneyo.

"Ndiye kuti palibe pulani imene ingalole khonde langa?"

"Palibe, Madala."

"Nanga anandituma pulani ya chiyani?"

"Lamulo limati tiyambe takufunsani."

Che Ismaili anapinda pepala lawo motsata mizere yake, nathokoza, natuluka.

Loweruka, atamva za kalata ija, ejenti anabwera, munthu amene nthawi zonse ankaima pageti injini ya galimoto ili kulira. Tsiku limeneli anazimitsa injini, nalowa, naitana yadi yonse.

"Mayi uja akalowanso muno awerenga zipinda. Papepala yadi ino ili ndi nyumba imodzi ndi garaja. Zisanu ndi zitatu zinazo kulibe, ndipo inu nonse kulibe. Malata awa achoke pofika Lolemba, ndipo mumpatamu musakhale kanthu, ngakhale mpando. Apo ayi mudziwa nokha kumene mukagone."

Lamlungu masana anthu anabwera pakhonde monga mwa nthawi zonse, koma panalibe amene anakhala pansi. Bawo silinabwere. Amayi aja amene makanda awo anakulira pamkeka anaima kumbuyo, manja ali pachifuwa. Amene anamusankha kulankhula anali Robert, ndipo tsiku limenelo nthabwala zinamuthera.

"Achimwene, mukudziwa kuti ife tonse timakukondani. Koma tili ndi ana. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna."

"Mtengo wa pakatiwu munagwira ndinu," anatero Che Ismaili.

"Ndine, Achimwene."

"Unawongoka."

Robert anafuna kuwathandiza, iwo anakana. Anakwera pachidebe, nayamba kuzula misomali umodziumodzi, uliwonse akuuwongola panjerwa n'kuuponya m'chitini, monga amasulira msoko kuti nsalu isang'ambike. Ntchitoyo inawatengera masana onse. Salima ankalandira malata n'kuwasanja kuseri. Makina okha ndi amene sakanatha kunyamula awiri. Anabwera amuna anayi, nagwira aliyense ngodya yake, nalowa nawo m'chipinda mwakachetechete ngati anyamula jeneza la maliro.

Khoma la garaja linakwera mzere ndi mzere. Pofika mwezi wa Juni, potsegula zenera munthu ankatha kukhudza njerwa ndi dzanja. M'chipinda munakhala mdima wofanana m'mawa ndi masana, ndipo fungo la penti linkalowa n'kukakamira m'nsalu za anthu. Che Ismaili anagula babu lalikulu, kenaka lachiwiri. Kuwala kunachuluka, koma kunali kuwala kwabodza: kunkawalasa m'maso osawaonetsa kanthu. Salima ankawalowetsera ulusi m'singano asanapite kuganyu. Ukaduka cha m'ma teni, ankalimbana nawo okha, akunyambita nsonga ya ulusi, akuphonya, mpaka wina adutse pakhomo. Ndipo anthu tsopano ankadutsa mofulumira. Popanda pokhala, munthu amapereka moni akuyenda.

Kuchipatala anati ng'ala yakhwima ndithu, koma mndandanda ndi wautali, ndipo mapepala awo okhalira m'dzikomo anali atatha.

Amene anatseka ntchito yawo, mosafuna, anali Lonely, mayi wa ku Dedza wogwira ntchito ya m'nyumba ku Waterkloof, amene anawasoketsa kuyambira chaka choyamba. Anabweretsa nsalu yakuda ya masiketi asanu ndi imodzi a amayi a kutchalitchi kwawo. Che Ismaili anaisoka milungu iwiri, nkhope ili pafupi ndi singano ngati akuinunkhiza. Tsiku lotenga, Lonely anachita zimene wosoketsa aliyense amachita: ananyamula siketi imodzi kupita nayo pakhomo kuti aione padzuwa. Iwo anamutsatira, naima kumbuyo kwake.

Padzuwa zonse zinaoneka. Ulusi unali wabuluu, ukuyenda pansalu yakuda ngati mitsempha ya pamkono, ndipo msoko unkapita uku ndi uku ngati njira ya woledzera. Lonely anaona. Anaonanso kuti iwo aona. Anapinda siketiyo mofulumira, ulusi uli m'kati.

"Zikomo, Abambo. Mwagwira ntchito."

"Mwana wanga, siyani ndimasule."

"Ayi, Abambo, zili bwino. Kutchalitchi kwathu n'kwamdima, ndani aone?"

Anaika masiketi onse m'thumba, nawerama, napita. Akanakalipa zikanakhala bwino. Munthu wokalipa amabweranso.

Mlungu womwewo Che Ismaili anamasula mutu wa makina. Anaupaka mafuta, naukulunga m'pepala lakhaki lija la pulani, poti linali lolimba ndipo linalibenso ntchito ina, nakutira bulangete pamwamba. Anaupereka kwa dalaivala wa basi ya ku Mangochi kuti akausiye kwa Rehana. Miyendo ya makina inatsala. Salima anaikapo thabwa, likhala tebulo. Jekete yotuwa ija ankavala ndi Salima yemweyo m'nyengo yozizira, mikono atapinda kawiri.

Mpata unakhala wosesa miyezi itatu. Kenaka wina anaikamo firiji yakufa, wina makireti, wina njinga yopanda tayala ndi zigubu za palafini. Pofika 2006 munthu ankadutsamo chopingasa, movutika kuposa kale. Zinthu zimenezo zilibe denga, choncho sizifuna pulani, ndipo palibe amene anabweranso kudzaona.

Ntchito Che Ismaili anaipeza pafupi. Kapitawo wa garaja ija ankafuna munthu wokhwima maganizo wolondera magalimoto a makasitomala pamsewu. Anawapatsa chovala chonyezimira chovala pamwamba pa malaya, chosokedwa moipa, ndi malo oima kutsogolo kwa khoma. Pamenepo palibe denga, palibe mthunzi. Dzuwa limene analifuna zaka zonsezo analipeza lonse, kuyambira kutuluka mpaka kulowa, lokwanira kulowetsa ulusi m'singano zana. Robert akamadutsa popita kokwera tekisi ankakweza dzanja, iwo n'kukweza lawo. Za mbuzi ndi mango sanazitchulenso.

Chaka chimenecho eni garaja anaganiza zoonjezera nyumba yosanja pamwamba. Tsiku lina m'mawa galimoto yoyera inaima, ndipo Che Ismaili anailozera poima monga ankachitira ndi ina iliyonse. Anatsika Mayi Mashabela, chipepala chokulunga chili kukhwapa. Anawapatsa moni waulemu, moni wopatsa mlonda, osawazindikira. Podutsa pafupi, padzuwa loti mbee, iwo anaona jekete imene mayiyo anavala. Inali ya m'sitolo, yothina m'mapewa, mikono yaifupi. Mainchesi khumi ndi asanu ndi limodzi. Diso lawo silinaname tsiku lija.

Mayiyo analowa m'garaja kukavomereza pulani. Che Ismaili anabwerera pamalo awo, nakhala akumulondera galimoto.